Fungo Limene Ndinkalimva pa Tamanda

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, ndikulonjerani m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Inunso ana a kumbuyoko amene Chichewa mumangochimva koma kuyankha ayi, ndikuti m'Chiswahili chanucho, Bwana asifiwe. Ambuye alemekezeke!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa aka si koyamba kuima pano pa nkhani imeneyi. Chaka chatha, madzi osefukira aja atangophwa, ndinaima pomwe pano, ndinavina, ndipo zimene ndinanena tsiku limenelo theka lake linali bodza. Eee, ine mayi a Tamanda ndinanama m'nyumba ya Mulungu.

Kwa alendo amene simundidziwa, ndimakhala ku Vingunguti, kumunsi kwenikweni, kuchigwa kuja amati bondeni, kumene madzi a anthu onse akumtunda amadzathera. Amuna anga amayendetsa lole yopita kwathu ku Malawi, akanyamuka ndi masabata awiri osawaona. Ine ndinkakazinga mandasi pakhomo. Mwana tili naye mmodzi yekha, Tamanda, nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi.

Tsiku la madzi lija ndinali ndekha ndi mwana. Mvula inali ikugwa kuyambira dzulo lake osapumira. M'mawa ndinatuluka kuti ndikakweze thumba la makala patebulo la aneba. Sindinachedwe, abale, sindinachedwe. Pobwerera ndinapeza madzi ali m'mawondo, akulowa pakhomo ngati kwawo. Ndipo musamati madzi, inu amene munangowaona pa foni. Madzi ndi amene timamwa. Zija zinali zimbudzi za mtunda wonse, matewera a ana, nkhuku zofufuma, ndowe za m'matumbo a ng'ombe, mafuta akuda a m'magalaja, zonse zitasakanikirana, zakuda bii, zolemera ngati phala. Tamanda anatsika pabedi kuti andithamangire, n'kuterereka, n'kumira ine ndikuona.

Ndinamugwira diresi. Nditamutulutsa sankalira, sankapuma, m'kamwa ndi m'mphuno mutadzaza zimenezo. Ndinakolowola m'kamwa ndi chala, osatheka. Ndiye ndinachita chimene amayi nonse mumachidziwa, chija timachita khanda likatsekeka mphuno ndi chimfine. Ndinaika milomo yanga pamphuno pake n'kuyamwa. Kuyamwa n'kulavula, kuyamwa n'kulavula, zina ndinameza. Mwana anatsokomola, kenako n'kulira. Mulungu anandibwezera mwana wanga, limenelo silinali bodza ayi.

Ndikuona ena mwayamba kukwinya nkhope, mayi uko mwagwira pakamwa. Gwirani ndithu. Inu mwangomva kamphindi, ine ndinakhala nazo miyezi isanu ndi umodzi.

Mpingo munandichitira zabwino, sindingakane. Munabwera ndi mafosholo, munakokolola matope, munandipatsa matiresi ndi zovala. Koma Lamlungu lachiwiri lomwe, amayi atatu anandikokera pambali panja apo, amvekere, "Mayi a Tamanda, lero muime. Mulungu wakuchitirani chachikulu chotere, mungakhale chete? Ndipo musakalire kutsogoloko, ife Amalawi kuchilendo kuno sitionetsa misozi, eni dziko angatiseke." Duku anandimanga okha. Ndinaima, ndinati zonse zatha, mtima wanga uli mbee. Pomaliza munandipatsa Tamanda kuti ndimukweze m'mwamba anthu amuone. Ndinamukweza. Nditangomutsitsa ndinathamangira kuseri kwa tchalitchi kukasanza, inu mukuyimbabe muno.

Mwana wanga ankandinunkha. Ndanena. Fungo la madzi aja ndinkalimva m'tsitsi mwake, m'khosi, m'manja, ngakhale mu mpweya wake akamayankhula. Akangondiyandikira malovu ankadzaza m'kamwa, mseru uja wochokera pansi pa mimba. Diresi lake lija ndinalitentha. Ndinamumeta mpala, mwana wamkazi. Ndinkamusambitsa kanayi, kasanu pa tsiku, madzi otentha, sopo wa mankhwala uja wonunkha chipatala, chinkhupule chatsopano chokala, kukwecha, kukwecha, iye akulira, "Mama inauma," amayi zikuwawa, ine osamva. Akauma ndimununkhize, fungo lili pompo. Mbale yake ndinaiika payokha ngati ya galu. Kumubereka kumbuyo ndiye ndinasiyiratu, ndinkati wakula.

Mandasi ndinasiya, chifukwa ndinkaona ngati manja anga akuipitsa ufa. Chakudya chinkafika pakhosi n'kubwerera. Ndinaonda mpaka siketi kumangira chingwe, ena muno n'kumandiyamikira kuti mayi a Tamanda mwabwerera utsikana. Utsikana wake uti!

Ndipo chimene chinkandinyansa kuposa fungolo ndi ine mwini. Mayi wanji wonyansidwa ndi mwana wobala yekha? Ngakhale nkhumba imagona ndi ana ake m'matope. Ndinkadziyang'ana pagalasi n'kufuna kudzilavulira.

Musati sindinayese kunena. Ndinauza mayi wina wapamtima mumpingo muno, sinditchula dzina, kuti ndikumva fungo losatha. Sanandilole n'komwe kumaliza. Akuti ndi chiwanda cha m'madzi, ndisale kudya masiku atatu. Kusala chiyani munthu amene chakudya chinali chitamukana kale? Ndinasala, chimene ndinapindula ndi chizungulire. Wina anati, "Kusayamika kumeneko, anzanu bondeni anaika maliro, inu mukudandaula fungo?" Amuna anga atabwera ku ulendo ndinawapempha kuti tamununkhizani mwanayu. Anamununkhiza, n'kuseka. "Akununkha sopo basi. Mayi a Tamanda, mutu wayamba kusokonekera kodi?" Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Lamlungu lililonse ndinkabwera muno ndikumwetulira ngati wotsatsa mankhwala a mano.

Amene Mulungu anawatuma ndi munthu amene ndinkamuthawa kuposa onse. A Nachisale, si awo akhala pakona apo. Amene simuwadziwa, ndi mayi wathu wamkulu, amatsuka matumbo a ng'ombe kumachinjioni, kophera nyama kuja, kuyambira ine ndisanakwatiwe. Mundikhululukire a Nachisale, ndinena pamaso panu. Mukakhala benchi ili, ine ndinkasamukira lija. Mukandipatsa dzanja, ndinkazemba kukasamba m'manja.

Lachitatu lina masana anangotulukira kwathu osanena. Ndinawayalira mkeka cha uko, ine n'kukhala pandowa cha kuno. Tikucheza choncho, chitseko cha bafa chinatseguka. Tamanda anali atalowamo yekha ine osadziwa. Anatuluka ali chinyowere, akunjenjemera, thovu lili m'makutu, n'kudzaima patali, pamene anali atazolowera kuima. Anakweza manja onse awiri.

"Mama, nimeoga. Sasa unibebe?"

Akuti amayi ndasamba, tsopano mundinyamula? Mwana wa zaka zinayi anali ataphunzira yekha kuti kwa mayi ake sapita asanasambe. Mukudziwa chimene ndinamuyankha? Ndinati, "Kasambenso, sunayere."

A Nachisale sanandikalipire. Anamuitana mwana, anamukhazika pamiyendo, n'kuyang'ana kumsana. Khungu linali litasupuka, lofiira, m'khwapa muli zilonda, m'khosi mutachita mamba. Anamununkhiza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, ngati akugula nsomba. Kenako anandiyang'ana ine.

"Mayi a Tamanda, mphuno iyi ndi imene imandidyetsa. Thumbo la dzulo ndi la lero ndimasiyanitsa nditatseka maso. Mwanayu alibe fungo lililonse. Fungolo lili mwa inu, ndipo kumeneko sopo safikako."

Ndinayamba ndi kukana, ndinati inu mphuno yanu inafa kale ndi ntchito. Iwo anangopitiriza kumusisita mwana pamiyendo pawo. Kenako ndinangogwa pamkeka paja n'kulira kulira kumene sindinalire tsiku la madzi. Ndinawauza zonse, mpaka za kuyamwa zija, zimene ngakhale amuna anga sankazidziwa.

Iwo anangoti, "Mawa m'mawa muvale, tikwera daladala, minibasi zathu zija. Kuchipatala kuli mayi amene ntchito yake ndi kumvetsera anthu amene anaona zoopsa."

"Kwa amisala? Ine?"

"Ndani wanena za misala? Mukufuna mudikire mpaka mwanayu khungu limuthere?"

Tinapita. Tamanda anamupatsa mafuta opaka pazilonda, ine anandilowetsa m'kachipinda ka mipando iwiri. Mlangiziyo anali mayi wa konkuno, tinkayankhula Chiswahili, ndipo pamene Chiswahili chinandithera ndinangopitiriza m'Chichewa, iye n'kumangogwedeza mutu. Nditafika pa zonyansa zija ndinkamuyang'anitsitsa kuti ndione akwinya liti. Sanakwinye olo pang'ono. Anati, "Pole sana mama, pepani kwambiri mayi. Mwana munamupulumutsa ndi pakamwa panu, koma thupi lanu silinamve kuti tsiku lija linatha. Mwana akayandikira, limabwerera m'madzi muja. Zimachitikira anthu ambiri, ndipo zimachira. Sikuti simumukonda." Abale, sikuti simumukonda! Miyezi yonseyo ndinkadziona ngati chilombo.

Sanandipatse chozizwitsa. Anandipatsa ntchito, ndipo ntchito yake inali yowawa. Mwana azisamba kamodzi pa tsiku, ndi sopo wamba, ndi manja, chinkhupule ayi. Sopo wa mankhwala uja a Nachisale anapita naye kwawo, poti anali atandidziwa. Ndizidya ngakhale pang'ono, mbale imodzi ndi mwana. Tsiku lililonse ndizimukhazika Tamanda pamiyendo, mseru ukabwera ndisathawe, ndizipuma pang'onopang'ono mpaka utsike wokha. Tsiku loyamba ndinasanza. Lachiwiri ndinasanzanso. Ndinati basi zimenezi sindingathe, a Nachisale amvekere, "Ine tsiku loyamba kumachinjioni ndinasanza katatu, mawa tidzayesanso." Sabata yachitatu ndinamuyimbira nyimbo yonse mpaka kumapeto ali pamiyendo panga.

Kwa mlangizi ndinkabwerera Lachinayi lililonse. Tsiku lina ndinawakoka amuna anga. Anatuluka m'kachipinda muja maso ali psuu, titafika kunyumba anati, "Ndinakusekani, pepani." Abusa nawonso nditawaululira sananditumize kokasala kudya. Anapemphera nane, atati ameni n'kuti, "Lachinayi musajombe."

Tsopano ndinene chimene chikundinyansabe mpaka lero, ndipo wokwiya akwiye. Chizolowezi chathu chokankhira munthu kutsogolo kuno matope asanaume n'komwe m'nyumba mwake, kuti avine, kuti tioneke anthu olimba, chimenechi n'chonyansa. Timamumanga duku, timamuyimbira, n'kupita kwathu mitima ili phee, iye n'kutsala yekha ndi zake. Nanga munthu akanena pamaso pa mpingo wonse kuti zatha, abwereranso bwanji kudzati sizinathe? Ine chimene chinanditseka pakamwa kwambiri ndi chimenecho. Ndipo bondeni kuja madzi sanalowe m'nyumba yanga yokha. Alipo muno amene mitambo ikangoda m'mimba mumatentha, amene mpopi ukamathira m'ndowa mtima umathamanga. Ndikukuonani, koma sindikulozani chala. Musadikire mpaka zifike pa mwana ngati ine. Ifenso tikapita kukapepesa munthu, tisamangofunsa kuti mwataya katundu wanji. Tizifunsa kuti mukugona kodi, mukudya kodi, n'kukhala pansi kudikira yankho.

Sindinama kachiwiri, sindinachire kotheratu. Mvula ikamabwera fungo lija limabwera nayo. Koma tsopano ndimadziwa kuti si la mwana. Ndimakhala pansi, ndimapuma, ndimapemphera, zikavuta ndimawaimbira foni a Nachisale, ndipo limapita.

Koma tamvani za lero. Potsika daladala pamsewu apo, Tamanda anapunthwa n'kugwera m'chithaphwi, madzi akuda ndithu a m'mbali mwa ngalande. Anadzuka matope mpaka m'tsitsi. Sanalire. Anangoima patali n'kumandiyang'ana kuti aone ndichita chiyani. Abale, ndinamutola chomwecho, ndinamuponya kumbuyo n'kumanga chitenje, ndipo ndayenda naye mtunda wonsewu padzuwa. Matope mukuwaona pabulauzi awa ndi ake. Tili pafupi kufika pageti ndinamva kamphuno kakundinunkhiza m'khosi, iye amvekere, "Mama, unanuka jasho." Akuti ineyo ndikununkha thukuta! Ndinaseka mpaka a bodaboda, anyamata a njinga zamoto aja, anacheuka.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyansidwe nane pamene ine ndinkadzinyansa. Ndikuthokoza Abusa, ndikuthokoza a Nachisale, ndi mlangizi uja ngakhale sali pano. Imirirani abale mukondwere nane, amayi nthungululu zimveke mpaka dera la Keko uko! Tamanda, njoo, bwera kuno mwanawe. Ayi, musamupukute, mlekeni abwere chomwecho.