Tulo ta a Mumba

Chaka chija sopo anasowa m'masitolo, pa chipatala china ku Petauke panafika makina obweleka ku Lusaka, oyeza magetsi a mu ubongo. Amai Rabecca a ku Mwape anafika ndi amuna awo, a Josiah Mumba, amene anafa ziwalo n'kusiya kulankhula, pakuti alamu a amaiwo anali atagamula kuti munthu anachokamo kale m'thupimo, ndipo mailo abwela ndi ngolo kudzamutengela kwawo ku Ndake.

Eustace, woyendetsa makinawo, anamata mawaya pamutu pa wodwala. Tizolembela tinayamba kukanda pepala.

"Welengani," anatelo amai. "Akuti chiyani?"

"Sakuti kanthu, amai. Iyi ndi mizele."

"Munthu anali kalaliki wa pamsika wa thonje, angalembe ngati papalasa nkhuku?"

"Sakulemba iwo. Akulemba ndi makina."

"Ndiye afunseni makinawo!"

"Makina samva."

"Ha! Wodwala salankhula, makina samva. Nanga inu?"

"Ine ndili bwino, zikomo."

Amai anamanganso chitenje, mwamphamvu.

"Kunja akufufuza," anapitiliza Eustace, "kuti tsiku lina mizele yotele izidzayendetsa njinga ya munthu wolumala, mwinanso kumuyankhulila."

"Lachingati? Ngolo ikubwela mailo."

"Tsiku sananene."

Amai anawelamila khutu la amuna awo. "Bambo a Febby, mukhala ndi ine kapena mupita ku Ndake?"

Zikope za a Mumba zinatsika. Mkonono unayamba. Amai anawelamuka.

"Basi. Matenda anawasiyila tulo tokha. Ngakhale ali bwino, ndikangoyamba nkhani yolemela, iwo gone."

"Sanagone," anatelo Eustace, maso ali papepala.

"Aa! Mkononowu simukuumva?"

"Ndikuumva. Koma mizele ya tulo imakhala ikuluikulu, yaulesi. Iyi ndi ya munthu amene ali maso, wangotseka zikope. Onani, mukalankhula ikusintha. Akukumvani."

Amai anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mukuti munthu angalize mkonono ali maso?"

"Pepala likutelo."

"Ndiye tsiku lija ndinawafunsa kumene inapita mbuzi yanga yamawanga..."

"Panalibe ine, amai."

"Nanga usiku wa ukwati wa Febby, atabwela ndi nsapato imodzi?"

"Apo ndiye sindinaitanidwe."

Diso limodzi la a Mumba linatseguka pang'ono, n'kutsekanso msangamsanga. Amai analiona. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, nati m'chipindamo muli fumbi.

"Ndidulileni pepalalo ndikaonetse alamu. Ngolo ibwelele yopanda kanthu. Munthu wanga alimo, ndi bodza lake lomwe."

Eustace anadula bwinobwino ndi lumo. "Ndiye mwathana nawo makina osamvawa?"

"Kuthana nawo? Mwana wanga, Loweluka mungandibweleke?"