Amene Anabwezera Waya wa Koyilo

Ine, Ragnhild Tjäder, wa zaka 69, wa m'mudzi wa Gräsmark kufupi ndi Sunne, ndinkagwira ntchito ku laibulale koma ndinapuma. Ndabwera kuno kupolisi mwa kufuna kwanga, osaitanidwa, kudzapereka umboni pa imfa ya amuna anga a Torvald Tjäder, amene tinawaika m'manda Lachisanu lapitali. Ndamva kuti mnzawo, a Sixten Hallgren, akufunsidwa mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala.

Amuna anga anali ndi Volvo yakale ya 1966. Inakhala m'galaja nyengo yonse yachisanu chifukwa inkadontha oyilo kutsogolo kwa injini. Kuti akonze podonthapo ankayenera kuchotsa pule, gudumu limene limazungulitsa lamba. Pule imagwidwa ndi bawuti imodzi yaikulu pakati, ndipo bawutiyo inakana. Anaithira mafuta, anaiwotcha ndi moto wa gasi, anaimenya ndi hamala, koma sabata yonse sinasunthe.

Loweruka pa 17 Meyi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a Sixten anafika ndi sipanala yaitali ndi paipi yachitsulo. Awiriwa anadziwana ali ana a sukulu. Ine ndinakhala pa benchi pakhomo la galaja, mamita atatu kuchokera pa galimoto, ndikuwerenga buku. Boneti ndi rediyeta anali atachotsa kale, ndiye injini ndinkaiona bwino.

Analowetsa sipanala m'paipi n'kukoka onse awiri. Bawuti sinamve. A Sixten anati, "Amene anamanga bawuti imeneyi anali atayambana ndi mkazi wake." Amuna anga anayankha kuti, "Unamanga ndiwe, mdala iwe, chaka chija mkazi wako Birgit anakuthawa." Onse anaseka.

Kenako amuna anga anati agwiritse ntchito sitata. Anafotokoza kuti atsamiritsa paipi pa chitsulo cha pansi pa galimoto, wina n'kupotokola kiyi pang'ono, kuti sitata imasule bawuti ndi mphamvu yake. A Sixten anayamba akana. Anati njira imeneyo inathyolapo munthu mkono. Amuna anga anawakakamiza mpaka anavomera.

Ndinaona a Sixten akuwerama pa injini, nazula waya wakuda wonenepa, naupachika pambali. Sindinadziwe ntchito ya wayayo. Ndagwira mabuku moyo wanga wonse, koma la injini sindinatsegulepo.

Ataika sipanala anaona kuti mutu wake wadyeka, sukugwira bwino. A Sixten ananyamuka wapansi kukatenga wina kunyumba kwawo, theka la kilomita kuchokera kwathu. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinabwera ndi khofi ndi mabanzi a sinamoni.

Ndinafunsa amuna anga kuti, "Kodi chimenechi chidzaliranso, kapena tingodzalamo maluwa?" Iwo anati, "Ikani makapuwo pansi, mayi, mumve." Anachotsa sipanala pa bawuti, anatenga waya wakuda uja naubwezera pamalo pake, analowa m'galimoto napotokola kiyi. Injini inalira. Anatulutsa mutu pawindo nati, "Maluwa ake ati?" Kenako anazimitsa, anatuluka, natenga banzi.

Kuchokera pamenepo sanakhudzenso wayayo. Ndinakhala nawo pamodzi mpaka a Sixten anabwera, patapita mphindi pafupifupi makumi awiri. Tinamwa khofi tonse atatu. Palibe amene anauza a Sixten kuti injini yalira iwo kulibe.

Itadutsa 11 koloko anaika mutu watsopano, natsamiritsa paipi. A Sixten anakhala pa chiwongolero. Amuna anga anawerama kutsogolo kwa injini, atagwiriza sipanala ndi dzanja lamanzere kuti isachoke pa bawuti. A Sixten anafunsa kuti, "Wachokapo?" Amuna anga anati, "Ndachokapo. Pang'ono chabe, ngati ukudzutsa khanda." Sanachokepo. Pamene a Sixten anakhala sakanatha kuona dzanjalo.

A Sixten anapotokola kiyi. Injini inalira ndi mphamvu. Paipi inapulumuka pa chitsulo chija, inazungulira n'kuwamenya amuna anga kumutu, mbali ya kumanzere. Anagwa chagada. A Sixten anazimitsa nthawi yomweyo, anavula juzi yawo naikulunga pa bala. Ine ndinaimbira ambulansi, ndipo inafika patatha theka la ola. Amuna anga sanalankhulenso. Anamwalira ku chipatala cha ku Karlstad masana omwewo.

Madzulo ndikutseka galaja ndinaona kuti bawuti ija yamasuka. Zinkatheka kuizunguza ndi zala.

Apolisi atandifunsa tsiku lotsatira, ndinanena za paipi ndi kugwa kwawo basi. Za waya palibe anandifunsa, ndipo ine sindinadziwe kuti ndi nkhani.

Lachisanu, titachoka kumanda, anthu analowa m'holo ya tchalitchi kukamwa khofi. A Sixten sanalowe. Anakhala m'galimoto mwawo panja. Ndinawatengera keke pa mbale, ndinatsegula chitseko n'kukhala pambali pawo. Mawu amene tinalankhulana ndikuwakumbukira bwino.

Anati, "Alamu, musandipatse chakudya. Ndinaiwala kuzula waya."

Ndinafunsa kuti waya uti.

Anati, "Wa koyilo. Wakuda wonenepa uja. Ukazula umenewo sitata imangotembenuza injini, koma singalire. Mumtima ndimati ndinazula, koma apolisi anaupeza uli pamalo pake. Ndakalamba, alamu. Ndawauza kale kuti ndinaiwala ndine."

Ndinawauza kuti anazula, ndinaona ndi maso anga. Ndinawauzanso zimene zinachitika iwo atapita kukatenga mutu wa sipanala, ndi zimene ndinafunsa amuna anga. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenako anati, "Chitsiru chimenechi. Kufuna kudzionetsera kwa mkazi pa ukalamba." Anapukuta kumaso ndi chipewa.

Anatinso, "Zimenezi musapite nazo kupolisi. Torvald wagona ndi dzina la mmisiri wabwino, mlekeni agone nalo. Ana anu azidziwa kuti ndinali ine. Ine ndilibe ana, palibe amene achite nane manyazi."

Ndinatuluka m'galimotomo. Mbale ya keke ndinaisiya pa mpando.

Dzulo Lamulungu ndinaitana ana athu awiri, Ylva ndi Håkan, n'kuwauza zonsezi pa tebulo la kukhitchini. Ylva anati, "Amayi, bambo sangathe kudziyankhira." Ndinati n'zoona, koma a Sixten akuyankha mlandu umene si wawo. Ylva anadzuka n'kupita kuchipinda chimene bambo ake ankasungiramo zida. Mpaka m'mawa uno sanandilankhule. Håkan ndi amene wandibweretsa, ndipo akundidikira panja.

Ndikutsimikiza kuti a Sixten Hallgren anazula waya wa koyilo asanachoke. Amene anaubwezera ndi amuna anga, ndipo anatero ine nditawafunsa ngati galimotoyo idzaliranso. A Sixten panalibe, ndipo palibe anawauza.

A Sixten sakudziwa kuti ndabwera kuno. Ndikupempha kuti amene akawauze zotsatira zake apite kunyumba kwawo, asawauze pa foni. Amakhala okha.

Ndi zomwe ndikudziwa zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Ragnhild Tjäder
Lolemba, pa 2 Juni