Kompyuta Imene Inkameza Ŵ

Kalekale, ana inu, msewu wa ku Hewe usanadziwe phokoso la njinga yamoto, munthu wosaona ngati ine ankawerenga ndi zinthu ziwiri zokha, zala zake ndi pakamwa pa mnzake. Siyani kaye kudina mabataniwo, ndikukumvani, makutu angawa sanakalambe. Lero ndiyankhula Chichewa chifukwa aphunzitsi anuwa, Mayi Banda, andinong'oneza kuti ena mwa inu kwanu ndi kumwera, koma Chitumbuka chikandipulumuka mkamwa musandiseke, ndinayamwa chimenecho.

Ine maso anapita ndi chikuku ndili wamng'ono, ndipo sukulu ndinaphunzira ndi timadontho ta Braille tomwe inunso mumatidziwa, kuboola pepala dontho limodzilimodzi mpaka dzanja kuwawa. Koma timadontho tathuto anthu oona sankatha kutiwerenga, ndiye pa mayeso a uphunzitsi ankatipatsa taipilaita. Taipilaita ndi chinthu chouma mtima, ana inu. Umaimenya, iyo n'kumalira tha! tha! tha! koma siikuuza chimene yalemba. Tsiku lina ndinamenya mayankho anga m'mawa wonse, thukuta kamukamu, ndikudzitama mumtima kuti lero ndakhoza, ndipo woyang'anira mayeso atafika anangoti, "Msiska, pepala lakoli ndi loyera ngati ufa." Riboni ya inki inali itauma kalekale. Ndinalembanso mayesowo misozi ili m'masaya. Inu lero mukangodina chilembo makina akukuuzani pompo kuti mwadina chakuti, ndiye ndikamva wina akudandaula kuti kompyuta ikuchedwa ndimangoseka.

Tsono pakamwa pa mnzanga paja panali pa mkazi wanga, NyaHarawa, amene ine ndimawaitana anyina Tiwonge potengera mwana wathu woyamba. Iwonso anali mphunzitsi, wa Sitandade 2, ndipo ku Nkhamanga konse ankadziwika kuti salola mwana kumeza chilembo. Mwana akawerenga mothamanga n'kudumpha kachilembo kamodzi, ankamuimitsa kuti, "Bwerera, ukatole chimene wagwetsa." Mayi ameneyu anandiwerengera chilichonse pa ukwati wathu wonse: mabuku okonzekera phunziro, nyuzipepala yokulungira usipa, zolemba za ana a m'kalasi mwanga, ngakhale tizilembo ta pa botolo la mankhwala. Anthu ankati a Msiska ndi mphunzitsi wodziwa zambiri, koma zambirizo zinkadzera pakamwa pa anyina Tiwonge.

Paja akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonse titapuma pantchito, matenda a shuga anawalowa m'maso. Kunayamba ngati chifunga, ndipo a kuchipatala anayesetsa ndithu, koma chifungacho chinangokulirakulira mpaka zilembo zonse zinathawa. Pakhomo panagwa chete amene sindinamumvepo chikwatirireni. Mayi woyankhula uja anayamba kutandala pamphasa kuchipinda, wailesi osaifuna, alendo osawatulukira.

Ndiye panafika nthawi yawo yotsogolera phunziro ku msonkhano wa amayi kutchalitchi kwathu, ntchito imene ankaikonda kuposa chakudya. Amayi anzawo anabweretsa pepala la phunzirolo, iwo anangoligwira n'kuliika pansi. Anzawowo atapita anandiuza kuti, "Awiske Tiwonge, mukawauze asankhe wina. Ndikaima bwanji pamaso pa anzanga ndi pepala limene sindikuliona?"

Ine ndinati, "Nanga ine sindinaime moyo wanga wonse?"

Iwo anati, "Inu munali ndi ine. Ine ndili ndi ndani?"

Ana inu, mawu amenewo anandipweteka chomene, chifukwa anali oona. Pepala lija silinali la timadontho, ndipo ine, mwamuna wawo, sindikanatha kuwawerengera ngakhale mzere umodzi. Ndinkawadziwa bwino mayi ameneyu. Akanangolola kuti wina atenge malo awo ulendo umenewo, yunifomu yawo yoyera ya ku msonkhano wa amayi ikanalowa m'sutikesi osatulukanso, ndipo iwonso chimodzimodzi.

Za makompyuta oyankhula ndinali nditamvapo, koma ndinkati ndi zoseweretsa ana a m'tauni. Vuto likakufika pakhosi umayesa ndi zimene unkanyoza zomwe. Tiwonge wathu, amene ndi namwino, anali atasiya laputopu yake yakale m'kabati. Ndinaikulunga m'chitenje, n'kukwera kabaza, mpaka pasukulu pano kwa Mayi Banda, amene nthawi imeneyo anali atangofika kumene kuchokera ku Mchinji, wosaona mnzathu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Analowetsa mu laputopumo kafulashi kawo kosungira mapulogalamu, anadinadina, ndipo mwadzidzidzi m'chinthu chija munatuluka mawu a munthu wamwamuna. Ndinadzambatuka pampando, ndodo yanga n'kugwa. Ndinati, "Amama, muli ndani mmenemo?" Mukuseka? Afunseni, ndi awo akhala apowo, anaseka mpaka kutsokomola.

Anandiuza kuti ndi pulogalamu yowerenga, ntchito yake ndi kunena mokweza chilichonse chimene chalembedwa pagalasi la kompyuta, ndipo ndi yaulere. Kenaka anagwira zala zanga n'kuziika pa mabatani awiri aja okhala ndi kachiphuphu. Ana inu! Zala zinakumbuka zokha. Zilembo zinali zitakhala m'malo omwewo a pa taipilaita ija. Ndinadina, iyo inanena chilembo. Ndinadinanso, inanenanso. Ndinalakwitsa dala, n'kufufuta, ndipo inandiuza chimene ndafufuta. Ndinalemba dzina langa, ndinalemba la mkazi wanga, ndinalemba la mudzi wathu, ndikufuula ngati mwana kuti, "Yewo! Yewo chomene!" Munthu wa imvi, kulimva koyamba dzina lako lolemba wekha likubwerera kwa iwe, si zocheza. Ndinabwera masiku angapo kudzaphunzira batani lowerenga mzere wotsatira ndi lobwerera m'mbuyo, ndi kuchepetsa liwiro lake, poti mwamuna wa m'katimo ankathamanga ngati wogulitsa fodya ku okushoni. Inu mumamumva pa liwiro limenelo, ine ayi.

Phunziro la amayi lija linapezekanso pa foni ya mlembi wawo, ndipo Mayi Banda analilowetsa mu laputopu. Ndinalibe nthawi yoliyesa, ndinangonyamuka nayo. Nditafika kunyumba masana ndinakhala pakhonde pafupi ndi zenera la kuchipinda, n'kunena kuti, "Anyina Tiwonge, lero ndikuwerengerani ndine." Ndinadina batani.

Apa mumvetsere bwino, makamaka inu a kumwera. Phunzirolo linali la m'Chitumbuka, ndipo Chitumbuka chili ndi chilembo chake chimene timachinyadira, w wovala kachipewa pamutu. Timati ŵanthu, timati ŵana. Tsono mwamuna wa mu kompyuta uja pakamwa pake panali pa Chingerezi, mawu onse ankawapotoza ngati mzungu wofika dzulo, koma chachikulu n'chakuti chilembo cha kachipewacho sankachidziwa n'komwe. Akachipeza ankangochidumpha. Pamene panalembedwa ŵanthu iye anati anthu. Pamene panali ŵana iye anati ana. Mwaona zimene anachitazo? Anatembenuza Chitumbuka chathu kukhala Chichewa popanda womutuma! Ine manyazi anandigwira, ndinati basi ndadzichititsa chipongwe, ulendo wonse wa kabaza uja wapita pachabe. Ndikufufuza batani lomutontholetsa, iye anafika pa mawu akuti ŵaŵiri, omwe ndi awiri m'Chichewa, ndipo anameza zipewa zonse ziwiri n'kunena molimba mtima kuti, "airi."

Kuchipinda kunamveka mawu. "Airi ndiye chiyani?"

Ndinatontholetsa makinawo, iwo n'kupitiriza ali kuchipinda komweko.

"Ŵaŵiri! Ndani anamuphunzitsa kuwerenga ameneyo?"

Ndinati, "Ndi mlendo, amama, mukhululukireni."

"Mlendo wake ndi Mchewa ameneyo, m'bale wawo wa Mayi Banda. Muuzeni abwerere akatole zimene wagwetsa."

Ana inu, ndinamva mphasa ikulira, ndinamva dzanja likukwakwaza khoma, chitseko n'kutseguka, ndipo mayi amene anakana kutulukira ngakhale abusa, anabwera n'kukhala pambali panga chifukwa cha kachipewa. Ndinabweza mzere, mwamuna uja analakwitsanso, iwo anamukonza. Mzere wotsatira, analakwitsa, anamukonza. Ankamukalipira ngati mwana wa Sitandade 2, "Tsegula pakamwa iwe!" ndipo penapake iye anapotoza mawu ena moipa kwambiri mpaka anyina Tiwonge anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, kumene ndinali nditakuiwala. Ine ndinkaseka nawo, koma misozi ikutsika, mwayi wake sankandiona.

Chimene sankadziwa n'chakuti pomukonza mlendoyo ankanena mzere uliwonse ndi pakamwa pawo, mobwerezabwereza, ndipo umo ndi mmene ife osaona timasungira zinthu m'mutu. Ine sindinawauze, ndinangopitiriza kudina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa lisanapendeke anandikankha chigongono n'kunena kuti, "Mukuchedwa inu. Batani lobwezera lili pati?" Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pamenepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo laputopu ija ndimachita kupempha.

Nditawafotokozera Mayi Banda za vuto la kachipewa, anandiuza kuti pulogalamuyi ili ndi malo ophunzitsira mawu, ukhoza kuiuza kuti ukapeza chilembo chakuti uzinena mwakuti, ndipo anadzipereka kudzaikonza. Ndinathamanga nayo nkhaniyo kunyumba ndikuyesa ndabweretsa zabwino. Anyina Tiwonge anakana kwamtuwagalu. Anati, "Musiyeni mwana wanga wasukulu. Akayamba kukhoza, ine ndiziphunzitsa ndani?" Mpaka lero kwathu kompyuta imati airi.

Tsiku la msonkhano litafika anadzuka m'mamawa, anandituma kukapempha makala a simbi kwa aneba, anavala yunifomu ija, ndipo tinanyamuka tonse, ine kutsogolo ndi ndodo yanga poti njira ya mumdima ndimaidziwa ndine, iwo atagwira phewa langa. Amuna salowa ku msonkhano wa amayi, ndiye ndinakhala panja pansi pa zenera. Ndinamva mipando ikukokedwa, kenaka nyimbo inatha. Ndinkaopa kuti mwina mantha awagwira. Koma mawu a anyina Tiwonge anatuluka, omveka, osanjenjemera, opanda pepala m'manja, ŵanthu ndi ŵana aliyense atavala chipewa chake bwinobwino. Amayi analulutira m'katimo, ndipo ine panjapo ndinavina ndekha ndi ndodo yanga, odutsa m'njira anayesa mdala wapenga.

Ndiye ana inu, makina amenewa akamapotoza chiyankhulo chanu musawataye mtima, apirireni, aphunzitseni, ndipo inunso muphunzire kwa iwo mwakhama, batani lililonse, ngakhale lotopetsa. Kale ife tinkangolandira, wina atiwerengere, wina atilembere, ndipo tinkathokoza mpaka pakamwa kuuma. Inu mwabadwa m'nthawi ina. Aliyense wa inu ali ndi munthu kunyumba amene amamuwerengera, kaya ndi amayi, kaya ndi achemwali, ndipo maso a munthu ameneyo si a muyaya. Tsiku lina adzakufunsani kuti, "Ine ndili ndi ndani?" Ine ndinasowa choyankha, ndipo ndinachita kukachifuna pa kabaza nditakalamba kale. Inu mudzangoti, "Khalani apa, ndikuwerengereni."