Belu Limene Achemwali Anakana Kulitseka

Malemu, achemwali anga, anabadwa pa 9 Malichi 1974, oyamba mwa ana anayi. Ali sitandade 6 anaphwasula wailesi ya bambo pofuna kudziwa chimene chinaitseka pakamwa. Anakwapulidwa, koma wailesiyo inayankhulanso.

Mu 1997 anamaliza maphunziro a zamakompyuta, ndipo mu 2001 anamanga banja ndi alamu anga, aphunzitsi a masamu, amene akhala kutsogoloku.

Mu 2005 analembedwa ntchito pakampani ina yopanga makina oyezera kugunda kwa mtima. M'kachipangizo koyezerako mumakhala kapulogalamu kotchedwa famuweya, pomwe pulogalamu yaikulu yolamulira makina onse ndi kenelo. Achemwali anatulukira kuti famuweyayo inkakomoka masekondi makumi anayi, n'kutsitsimuka ngati sipanachitike kanthu. Nambala yakale inkangokhala pagalasi, anamwino n'kumati wodwala ali bwino. Iwo anakonza zoti kenelo izigogoda kachipangizoko sekondi iliyonse. Kakapanda kuyankha, izilemba nthawi yake n'kuliza belu.

Mu 2014 mabwana anawalamula kuti belulo alitseke, ati likunyazitsa kampani. Anakana kawiri. Kachitatu anawachotsa ntchito, kalata yake ikuti ndiwo ankawononga makinawo. Chifukwa cha kalata imeneyo, panalibenso wowalemba ntchito. Ankakonza mafoni pakhonde, uku akuilembanso njira ija yolizira belu kuchokera pachiyambi. Anaitumiza kwa akatswiri oyang'anira kenelo, imene makampani ambiri amaigwiritsa ntchito m'makina awo. Akatswiriwo anaibweza kasanu kuti aikonze, koma achemwali anali nkhutukumve. Mu 2018 inalandiridwa, n'kuyamba kulowa m'makina a m'zipatala.

Mu 2023 anayamba kuvutika ndi impso. Ali m'chipatala, belu linalira pamakina a wodwala woyandikana nawo. Anamwino anathamanga, n'kupeza kuti famuweya yakomoka. Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. Anatisiya pa 2 Juni 2024.

Dzulo kampani ija inatumiza nkhata ya maluwa, ndi uthenga woti ndikuwerengereni kuti malemu anapuma pantchito mwaulemu. Sindiuwerenga. Achemwali sanapume, anathamangitsidwa chifukwa chokana kunama, ndipo ana awo akula akumva kuti mayi awo ndi owononga. Zimenezo zithere pano lero.

Asiya amuna awo, ana aakazi awiri, mdzukulu mmodzi ndi ife alongo awo atatu. Tikuthokoza anamwino, anansi, ndi anzawo awiri akuntchito amene sanasiye kudzawaona. Nkhata ija ili pageti. Amene anaibweretsa aitenge potuluka.

Achemwali, belu lanu likulirabe. Usani mumtendere.