Luso Limene Bambo Khoat Anatsala Pang'ono Kupita Nalo

Malemu bambo Lam Van Khoat, malume anga amene tikuwaperekeza lerowa, anabadwa pa 9 Malichi 1939 kuno ku Sa Dec. Sukulu anailekezera kalasi yachinayi chifukwa cha umphawi.

Mu 1954 anapita ku Saigon, nalembedwa ntchito ndi Mfalansa wina wophika buledi. Kumeneko anaphunzira kupanga pate so, timikate tofufuma tija tokhala ndi nyama ya nkhumba m'kati. Nyamayo aliyense angathe kuikonza. Luso lagona pa ufa: kuukanda, kuika batala pakati, kupinda, kudikira uzizire, kupindanso, kuti potuluka mu uvuni ukhale ndi timagawo topyapyala ngati makoko a anyezi.

Mu 1963 anakwatira mayi Dieu, natsegula sitolo pafupi ndi msika wathuwu. Batala atasowa nkhondo ya m'dziko muno itangotha, iwo anayamba kupinda ndi mafuta a nkhumba, nyama n'kuithira msuzi wa nsomba. Ankati Mfalansa uja akanaona akanakomoka, koma atatsitsimuka akanapempha kena.

Abale anga, pamaliro sitinama. Malumewa anali amakani! Anagwiritsitsa mwambo woti luso la banja ndi la mwana wamwamuna, poti wamkazi akakwatiwa amapita nalo kwa eni. Tsono wamwamunayo, bambo Tuong, anapita ku Australia mu 1989 ndipo ndi dokotala wa mano. Wamkazi, mayi Thoa, anatha zaka makumi atatu akudula anyezi ndi kuika nyama, koma nthawi yopinda ikakwana bambo awo ankawatuma kumsika. Zinkawawawa, tonse tinkaona.

Mu Ogasiti 2022 malemu anafa ziwalo mbali ya kumanja. Sitolo inatsekedwa miyezi itatu, ndipo tinkadziwa kuti akapita, lusolo lipita nawo kumanda. Pa tsiku lokumbukira imfa ya bambo awo owabereka, malemu anapempha kuti tiwanyamule kupita pa guwa la makolo. Anayatsa lubani ndi dzanja lamanzere, nati, "Lusoli ndikumupatsa Thoa. Ngati mwakwiya, tidzakambirana ndikabwera."

Anaphunzitsa atakhala pampando, kukalipa kwake osati masewera. Oyandikana nawo ankamva akukuwa kuti, "Manja akowo akutentha, iwe! Aviike m'madzi ozizira, ukusungunula batala!" Nkhumba za anthu zinanenepa ndi timikate tolakwika. Mu Juni 2023 analawa kamodzi, nadya kachiwiri, kenaka nati mchere wachepa mu nyama. Mayi Thoa analira ndi chimwemwe, poti pa ufawo bambo awo sanapezepo chonena.

Malemu atisiya pa 17 Januwale 2025, ali ndi zaka 85. Asiya mayi Dieu, ana awiri ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amonke amene akutsogolera mapemphero, ndi amayi a kumsika amene sanachoke pakhomo pano chiyambireni.

Akatha masiku 49 a maliro, sitolo itsegulidwanso. Mayi Thoa ayamba kale kuphunzitsa ana awo awiri, ndipo onse ndi aakazi. Pitani mtima uli m'malo, malume, palibe chimene mwatibisira. Mzimu wanu uuse mumtendere.