Mbale ya Mama Sudi

Mbale ya Mama Sudi, neba wawo ku Kimara, kudziko la eni kumene ankakhala, inali itagona masiku anayi m'nyumba mwa Callista, ndipo nkhaniyi inkamusowetsa mtendere. Inabwera yodzaza vitumbua, ndipo poti mbale ya eni sibwerera yopanda kanthu, Callista analumbira kuti aibweza ndi mabisiketi a chokoleti othira makoko a malalanje omwe anaona pafoni, kuti amayi a m'deralo adziwe kuti ku Malawi sikuchokera anthu wamba.

Thireyi yoyamba inapserera. Yachiwiri ili mu uvuni, analowa mwamuna wake Mthunzi, woyeza magazi kuchipatala, munthu woti ukamuuza kuti adikire pang'ono amafunsa kuti mphindi zingati.

"Bambo a Tadi, tanditsukirani mbale ya Mama Sudi ija."

"Ndabweza."

Callista anatula supuni. "Mwabweza chiyani?"

"Mbaleyo. Dzulo munati yakhalitsa, ikukuchititsani manyazi."

"Ndinatinso sibwerera yopanda kanthu."

"Ndinamva. Sinapite yopanda kanthu."

"Nanga mwaikamo chiyani, mabisiketi ali pamoto?"

"Malalanje anayi anali patebulo aja."

Callista anacheukira patebulo. "Omwe ndapala makoko aja?"

"Omwewo. Munati mukufuna makoko okha, zam'katizo zilibe ntchito. Ndinafunsa kawiri."

"Zilibe ntchito m'mabisiketi."

"Ndiye ndazipezera ntchito."

"Malalanje a zipsera ngati galu wa mphere, mwakapatsa anthu?"

"Limodzi linali labwinoko. Ndinaliika pamwamba."

Callista anavula epuloni n'kuivalanso. Iyeyu, chikhalireni, sanavomerepo kuti madzi akatayika saoleka.

"Pitani mukaitenge."

"Mbale ndi yawo."

"Mukanene kuti munasokoneza nyumba."

"Sindinasokoneze. Geti lobiriwira, moyang'anana ndi wogulitsa makala."

"Chabwino. Anali okha?"

Mthunzi anawerenga ndi zala. "Analipo asanu ndi mmodzi, amayi a gulu lawo aja. Nditavundukula anasiya kucheza."

"Munavundukuliranji?"

"Kuti aone kuti muli kanthu."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati pole, pepani wa kunoyu."

"Pole basi?"

"Pole sana. Wina anafunsa ngati kwathu timadya otero. Ndinati ayi, timasenda."

Manyazi anamugwira Callista mpaka kuzala za kumapazi, koma khosi analiumitsabe.

"Palibe chaipa. Mabisiketiwa apita m'mbale yanga yagalasi ya paukwati. Akangolawa aiwala zonse. Adziwa kuti ine si mnzawo wa vitumbua."

"Vitumbuazo munadya zisanu ndi ziwiri."

"Ndinkalawa."

Mthunzi anayang'ana wotchi. "Mayi wa pafoni uja anati mphindi khumi ndi ziwiri. Zakwana makumi awiri ndi zitatu."

"Aa, osanena bwanji?"

"Munati za kukhitchini ndisalowerere."

Callista anasolola thireyi, utsi n'kudzaza nyumba. Anatola bisiketi limodzi, nagogoda nalo patebulo, ndipo linalira ngati mwala.

"Chokoleti n'chakuda kale," anatero. "Sazindikira."

"Mano azindikira."

"Nditsitsireni mbale yagalasiyo, bambo inu."

"Musavutike nayo. Ya Mama Sudi ili pakhondepo."

"Si mwati mwabweza?"

"Ndabweza. Iwo andipatsanso. Ati sindingachoke chimanjamanja, n'zofunika msanga."

Apa nkhope ya Callista inawalako. Mwina ndi pilau, mwina anthu aja amvetsa kuti mwamuna ndi mwamuna basi. Anathamangira pakhonde, napeza mbale itakulungidwa bwinobwino m'kansalu. Anamasula mfundo. M'katimo munali msampha wa makoswe watsopano, waya wake akunyezimira.

"Ichi n'chiyani?"

"Msampha. Ati kuti malalanje anayi akukutidwe chonchija, ndiye kuti alipo ambiri ndipo ndi akuluakulu. Akuopa kuti angawolokere kwawo."

Callista anakhala pansi pasitepe. Kimara yense mawa akhala akunena kuti mayi wa ku Malawi uja amagawira aneba zotsala makoswe.

"Ndiye inu munangolandira? Osandiikira kumbuyo ngakhale pang'ono?"

"Ndinakuikirani kumbuyo, mayi a Tadi," anatero Mthunzi modzidalira. "Ndinawauza onse asanu ndi mmodzi kuti m'nyumba mwathu mulibe khoswe ngakhale mmodzi. Ndinati malalanjewo mwawatero ndinu."