Foni Yanga Inafera M'damu

Abusa, mayi busa, akulu a mpingo, ndi inu anzanga a kwaya kumbuyoko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundipirire, mukundidziwa kale kuti ndikayamba kulankhula sindipuma.

Dzinja lonse lapitali mpando wanga pakwaya unali wopanda munthu. Ndinali kudamu, kumtunda kwa Liwaladzi uko, pa intenishipu. Ine sukulu ya zachilengedwe sindinapondeko ayi. Za nsomba, za mitengo, zonse ndinaziphunzira pafoni, mavidiyo okhaokha mpaka bandulo kutha. Ndiye atanditenga ndinavina, abale, ndinavina.

Ntchito yake inali kusamalira nazale, kubzala mitengo m'mbali mwa damu, kulandira alendo odzacheza, komanso kuonetsetsa kuti nthawi yoswana nsomba munthu asaponye ukonde. Abwana ananditula pa njinga yamoto, nkundionetsa kanyumba, iwo ulendo kubwerera ku Dwangwa. Alendowo? Msewu unali matope okhaokha, panalibe anabwera.

Ndiye kumeneko netiweki kulibe. Ine amene, mukundimva? Ndimayenda m'mphepete mwa madzi foni ili m'mwamba chonchi, kusaka kamzere kamodzi kokha. Koma anthu a m'mudzimo amaona zina. Amaona mnyamata wa ku ofesi akuwajambula kuti akawanenere kwa abwana. Ndikafika pochapira, amayi amanyamula zovala zosatsukuluza nkumapita. Ndinayesa kufotokoza, ndinawaonetsa foniyo, palibe anakhulupirira. Ndikapereka moni amangoti ali bwino, nkhope kumbali. "Kaya inu" kunalibe. Amayi anga muli apo, inu mukudziwa kuwawa kwake, munthu osakubwezera moni.

Ndinayamba kulankhula ndi mbande za m'nazale. Osaseka, ndi zoona. Ndinazipatsa mayina a inu a kwaya, m'bawa wina wamtali ndimautcha dzina la amene amatiimbira besi. Lamulungu ndimakhala pachitsa, kuyambitsa nyimbo ndekha, kuvomera ndekha, ameni ndekha. Kudya ndekha, kudwala malungo ndekha. Pemphero langa linafupika. Ndinasiya kupempha netiweki. Ndimangoti, Ambuye, ndipatseni munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti andifunse kuti ndadzuka bwanji.

Kumwamba kunali zii. Ndinalongedza chikwama. Ndinati tsiku lotsegulira usodzi abwana akabwera ndiwauza kuti ndalephera, ngakhale ndimadziwa kuti wothawa pakati samutenganso, ndipo kwa ine wopanda mapepala khomo linali lomwelo.

Tsikulo abwana sanafike, mtsinje unadzaza. Mudzi wonse unatsikira kudamu ndi khoka, ine ndaima patali, chikwama chili pakhomo. Akukoka, akukoka, khoka linakodwa pachitsa pansi pa madzi. Mbali imodzi chingwe chinayamba kupulumuka, nsomba zikudumpha kutuluka, anthu akukalipirana. Pamenepo a Shaibu, mkulu wa asodziwo, bambo wachisilamu amene sanandiyang'anepo kumaso chifikireni, anatembenuka.

"Iwe wa foni, manja amenewo ndi ojambulira basi?"

Abale, ine ndine mwana wa kunyanja ku Mwadzama, chingwe cha khoka ndinachigwira ndisanadziwe kuwerenga. Sindinaganize. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, ndinamira, nkuliwonjola khokalo pachitsa, kenako ndinagwira chingwe limodzi ndi anzanga. Inde, ndati anzanga. Tinakoka mpaka kumtunda.

Nditapisa m'thumba, foni ija ikudontha madzi, yakuda bii. Anthu anaunjikana kuiyang'ana. Kenako mayi wina anaphulika kuseka, onse nkutsatira. Ine misozi ili pafupi. A Shaibu anasankha nsomba zazikulu bwino, nkundiikira m'manja.

"Wagwira chingwe sapita chimanjamanja," anatero. "Kwanu satero kodi?"

Ndinati amatero. Mayi woseka uja, yemwe uja amathawa ndi zovala, anandilanda nsombazo, akuti mnyamata wopanda mkazi angoziwononga, ndikadyere kwawo. Ndinadya pakati pa anthu, ndipo ndinalankhula, ndinalankhula, mpaka a Shaibu anafunsa ngati ndili ndi pozimitsira.

M'mawa mwake ndikuthirira nazale ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Anali a Shaibu. Ndinayankha, nkuwabwezera "kaya inu". Chikwama ndinamasula, ntchito ndinaimaliza, ndipo abwana anena kuti dzinja likubwerali ndibwererenso.

Foniyo ndinaiika mumpunga, ndinaiyanika padzuwa, ndinaipempherera ndithu abusa, koma sinadzuke. Chinthu chimene ndimachikweza kumwamba kusaka anthu ndi chomwe chimandithamangitsira anthu, ndipo Mulungu anachimiza.

Zikomo Yesu. Amene mumanditumizira mauthenga osayankhidwa, pepani, ali pansi pa damu. Imani mukondwere nane, ndipo a kwaya, nyimboyi ndiyambitsa ine, koma lero muvomere ndinu.